Mphaka ndi munthu: mafunso ndi mayankho okhudza minofu

Khomo lililonse losunga matumba a chimanga muno mu Zomba, kaya ku Chinamwali, ku Sadzi kapena kumidzi ya ku Jali, limakhala ndi mphaka, apo ayi limadalira wa oyandikana nawo. Timamuona tsiku ndi tsiku koma sitimuyang'anitsitsa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira a Biology okonzekera mayeso a MSCE, komanso kwa anthu amene mphaka wawo wawadabwitsa kapena wadwala. Ndasakaniza dala a m'kalasi ndi a pakhomo, chifukwa nthawi zambiri yankho lake limakhala limodzi.

Kodi minofu ya mphaka ndi yosiyana ndi ya munthu?

Mutadula kachidutswa ka mnofu wa pantchafu ya mphaka ndi kena ka pantchafu ya munthu n'kuika pa maikulosikopu, mungavutike kunena kuti aka ndi ka yani. Konsekonse mupeza timaulusi tomangidwa m'mitolo, ndipo mkati mwa timaulusito muli mapuloteni awiri, actin ndi myosin, amene amakokana uthenga ukafika kudzera m'mitsempha. Mitundu ya minofu ndi itatu kwa tonse: yogwira mafupa imene timaiyendetsa tikafuna, ya mtima, ndi ya m'matumbo, m'chikhodzodzo ndi m'mitsempha ya magazi imene imagwira ntchito osatifunsa.

Lamulo lake ndi limodzinso: mnofu umakoka basi, sukankha. N'chifukwa chake minofu imakhala iwiriiwiri, wina wopinda wina wowongola. Biceps imapinda chigongono, triceps imachiwongola, ndipo mphaka ali nazo zonse ziwiri ndi mayina omwewo. Munthu ali ndi minofu yogwira mafupa yoposa 600, mphaka yoposa 500. Kufanana kumeneku n'kumene kwachititsa kuti m'makoleji ambiri a ku America ophunzira za thupi la munthu azitumbula mitembo ya amphaka pophunzira minofu.

Kusiyana kuli pa kagawidwe. Nyama yambiri yakhala pati, yagwira fupa pamalo ati, ndipo ingagwire ntchito nthawi yaitali bwanji isanatope. Mphaka anapangidwira kubisalira ndi kudumpha kamodzi n'kugwira. Munthu anapangidwira kuima, kuyenda mtunda, kusenza ndi kugwira zinthu ndi manja.

Nanga bwanji mphaka amafika pamwamba pa mpanda wa njerwa ndi kudumpha kamodzi, ine n'kulephera?

Mphaka wathanzi amatha kudumpha m'mwamba kasanu kutalika kwa msinkhu wake, mwinanso kuposerapo. Yambani mwayang'ana mwendo wake wakumbuyo. Pamene ambiri amati ndi bondo loloza kumbuyo si bondo ayi, ndi chidendene. Mphaka amaponda ndi zala zokha, moyo wake wonse amayenda monyang'ama, ndipo bondo lenileni lili m'mwamba pafupi ndi mimba. Choncho mwendo umene kwa ife uli ndi zigawo ziwiri zazitali, ntchafu ndi msongolo, kwa iye uli ndi zitatu zopindana. Zitatuzi zikawongoka nthawi imodzi zimamuponya patali. Mnyewa wolimba wa kuseri kwa chidendene, umene madokotala amati Achilles, umatamuka pamene iye wanjuta kukonzekera, kenako umabweza mphamvu yonseyo podumpha. Minofu ya kuseri kwa ntchafu yake, makamaka biceps femoris, ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi kathupi kake.

Kenako pali msana. M'chiuno mwa munthu muli mafupa a msana 5, mwa mphaka muli 7. Pachifuwa ife tili ndi 12, iye 13, ndipo nthiti zake ndi 13 mbali iliyonse pamene zathu ndi 12. Timinofu tofewa tokhala pakati pa mafupawo timatamuka bwino, moti pothamanga msana wake umapindika n'kuwongoka pa sitepe iliyonse ndipo miyendo yakumbuyo imaponda kutsogolo kwa pamene panaponda yakutsogolo. Msana wathu ntchito yake ndi yotsutsana ndi imeneyo: kukana kupindika. Amayi amene amatsika m'phiri la Zomba atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni akudalira minofu ya msana ndi ya m'khosi imene imagwira thupi chilili kwa maola angapo. Mphaka sangayerekeze n'komwe.

Palinso chifukwa china chimene sichikhudza luso la mphaka, ndipo mabuku ambiri amachidumpha. Mphamvu ya mnofu imadalira kukhuthala kwake, koma kulemera kwa thupi kumakula msanga kuposa kukhuthalako. Nyama ikakula kawiri mbali zonse, mphamvu ya minofu yake imawonjezeka kanayi koma thupi limalemera ka 8. Mphaka wa makilogalamu 4 ali ndi mwayi umene munthu wa makilogalamu 65 alibe, chifukwa cha kuchepa basi.

Atapikisana kuthamanga, angapambane ndani?

Zitengera mtunda. Usain Bolt, pamene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, liwiro lake lalikulu linali pafupifupi makilomita 44 pa ola. Mphaka wa pakhomo amafika cha m'ma 48. Koma liwiro limenelo amalisunga kwa masekondi ochepa chabe. Mutati akwere nanu njira ya Potato Path kuchoka m'tauni kukafika ku Ku Chawe, mungamusiye ali chikhalire pamwala, mpikisano wamuthera.

Timaulusi ta minofu tili mitundu iwiri ikuluikulu. Tina timakoka mwachangu ndi mwamphamvu koma timatopa msanga. Tina timakoka pang'onopang'ono, tili ndi magazi ambiri komanso puloteni yofiira yosunga mpweya yotchedwa myoglobin, ndipo sititopa wamba. Mukamadya nkhuku mumaziona zimenezi: nyama ya pachidali ndi yoyera chifukwa nkhuku imangouluka kamphindi pothawa galu, pamene ya m'ntchafu ndi yoderako chifukwa imayenda ndi kupalasa tsiku lonse. Minofu yambiri ya mphaka yapendekera ku mtundu wachangu. Ya munthu yasakanikirana, ndipo ya m'miyendo ndi ya msana ili ndi timaulusi tosatopa tambiri.

Zambiri zimene tikudziwa pa nkhaniyi zinachokera kwa amphaka omwewa. Mu 1960 ku Australia, ofufuza Arthur Buller, John Eccles ndi mwana wake Rosamond Eccles anasinthanitsa mitsempha yopita ku minofu iwiri ya m'mwendo wa mphaka, wina wachangu wina wodekha. Patapita masabata, wodekha uja unayamba kukoka mwachangu ndipo wachangu uja unabwerera m'mbuyo. Zinaonetsa kuti khalidwe la mnofu limatsatira uthenga umene ukulandira, osati chibadwa chokha. Wakabaza amene amapalasa njinga pakati pa tauni ndi Songani chaka ndi chaka, miyendo yake imasinthadi mkati, si kuzolowera kwa m'maganizo kokha.

Chida chathu china ndi thukuta. Mnofu ukamagwira ntchito umatulutsa kutentha, ndipo munthu amakuchotsa kudzera pakhungu lonse. Mphaka amatuluka thukuta kumapazi kokha, motero akathamanga nthawi yaitali thupi limatentha mopitirira. Kugona kwake kwa maola 12 mpaka 16 pa tsiku si ulesi, ndi mmene nyama yodalira kudumpha kamodzi imasungira mphamvu. Achibale ake aakulu amachita chimodzimodzi. Nyama za cheetah zimene anazibweretsanso ku Liwonde National Park mu 2017 zimafika makilomita pafupifupi 100 pa ola, koma mpikisano wake sutha mphindi, kenako zimagona pamthunzi kupuma wefuwefu.

Amadutsa bwanji pakabowo kakang'ono ka pansi pa chitseko kapena pawindo la waya?

Gwirani fupa lopingasa limene limachoka pansi pa khosi lanu kupita paphewa. Dzina lake ndi clavicle, ndipo kwa ife lalumikizana ndi fupa la pachifuwa mbali ina, fupa la phewa mbali inayo. Limakankhira mapewa kunja kuti manja akhale m'mbali, ndipo n'chifukwa chake timatha kukweza khasu pamwamba pa mutu, kuponya mwala ndi kutula ndowa. Mtengo wake ndi wakuti mapewa athu sangafinyike.

Kwa mphaka fupa limeneli ndi kakang'ono zedi, ndipo silinalumikizane ndi fupa lina lililonse. Limangokhala m'kati mwa mnofu. Miyendo yake yakutsogolo yagwiridwa ku thupi ndi minofu yokhayokha, makamaka umene umatchedwa serratus ventralis, umene wanyamula chifuwa pakati pa miyendo iwiriyo. Chifuwa chakenso ndi chopapatiza m'mbali pamene chathu ndi chotambalala. Choncho mutu ukadutsa, mapewa amatsetsereka limodzi kutsogolo lina kumbuyo, thupi n'kutsatira, pokhapokha ngati mphakayo wanenepa kapena ali ndi bere.

Kamangidwe komweka kamamuthandiza potera. Akadumpha kuchoka padenga, kugunda kwa pansi kumathera m'minofu ya m'mapewa, sikufika pa fupa la pachifuwa. Munthu akagwa pa njinga n'kutsamira dzanja, mphamvu yonse imadutsa pa clavicle, ndipo ndi limodzi mwa mafupa amene amathyoka kawirikawiri.

Ilipo minofu imene mphaka ali nayo koma ife tilibe?

Ilipo, ndipo ophunzira ndi amene amaifuna kwambiri. Trapezius, mnofu wa pamsana ndi pakhosi, kwa munthu ndi umodzi waukulu koma kwa mphaka wagawika patatu: clavotrapezius, acromiotrapezius ndi spinotrapezius. Deltoid wa paphewa nawonso uli patatu. Pachifuwa ife tili ndi pectoralis major ndi pectoralis minor, iye ali ndi iwiriyi kuwonjezerapo pectoantebrachialis ndi xiphihumeralis. Chenjerani pamayeso: kwa mphaka pectoralis minor ndi waukulu kuposa major, chifukwa mayinawa anaperekedwa poyang'ana thupi la munthu. Kumbuyo kuli caudofemoralis, umene umachoka pa mafupa oyambirira a mchira kupita kumwendo, ndi kamnofu kowonda kotchedwa tenuissimus. Kugawika kwa minofu ya m'mapewa kumalola fupa la phewa kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo pa sitepe iliyonse, zimene zimatalikitsa mwendo.

Ndiye ife tamuposa pati?

Poyamba, kunena mosabisa, m'matako. Gluteus maximus ndi mnofu waukulu kwambiri m'thupi la munthu, ndipo ndi umene umatiwongola tikamadzuka pampando, tikamakwera chitunda kapena tikamathamanga, kuti thupi lisagwere kutsogolo. Kwa mphaka ndi kamnofu kopyapyala chifukwa woyenda ndi miyendo inayi safunika kuimika thupi pa chiuno.

Chachiwiri ndi chala chachikulu cha kudzanja. Chili ndi minofu yakeyake, ina m'chikhatho ina pamkono, ndipo chimatha kukhudza nsonga ya chala chilichonse. Kusoka, kulemba, kutong'ola chimanga, kumenya nambala pafoni, zonse zimachokera pamenepo. Mphaka amatha kutembenuza phazi lakutsogolo kuposa galu, n'kukumbatira khoswe kapena nthambi, koma sangatole singano.

Chachitatu ndi nkhope, milomo ndi lilime. Minofu ya pankhope pathu ndi yambiri komanso yosiyanitsa bwino mayendedwe, moti kamwa lomwelo limayankhula, kuimba mluzu, kuuzira moto ndi kuseka. Mphaka zambiri amanena ndi makutu, mchira ndi kaimidwe.

Anthu ena amati mphaka amene wagwa patali n'kutera ndi miyendo ndi wa ufiti. Chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Amphaka onse amachita zimenezi, wa abusa ndi wa asing'anga yemwe. Ana a mphaka amayamba kutembenuka m'malere ali ndi masabata 3 kapena 4, ndipo pofika masabata 7 amakhala atadziwa. Ngati ndi ufiti, ndiye kuti amabadwa nawo onse.

Ngakhale akatswiri a sayansi zinawazunguza. Ena ankati mphaka amadzikankha pa dzanja la womugwetsayo, chifukwa chinthu chogwa sichingayambe kuzungulira popanda pokankhira. Mu 1894 ku Paris, Étienne-Jules Marey anajambula zithunzi zotsatizana za mphaka akugwa, ndipo zinaonetsa kuti sakankha kanthu. Mkati mwa khutu muli ziwalo zimene zimamuuza kuti kumwamba ndi kuti. Iye amapinda thupi pakati, amafunya miyendo yakutsogolo n'kutambasula yakumbuyo, ndiye theka lakutsogolo limazungulira kwambiri pamene lakumbuyo limabwerera pang'ono chabe. Kenako amasinthanitsa: yakutsogolo atambasula, yakumbuyo afunya, theka lakumbuyo n'kutsatira. Zonsezi sizitha sekondi. Mchira si wofunika kwenikweni apa, popeza amphaka opanda mchira amatembenukanso. Mu 1969 akatswiri awiri a ku Stanford University, Kane ndi Scher, anawerengera masamu ake ndi ndalama za NASA, amene ankafuna kuphunzitsa anthu opita m'mlengalenga kutembenuka pamene palibe popondera.

Koma kutera ndi miyendo si kupulumuka. Mphaka wogwa patali amathyoka chibwano, mano kapena miyendo, ndipo mapapo amatha kuvulala mkati osaoneka kunja. Ana asamayese zimenezi pomuponya m'mwamba.

Zikhadabo zake zimabisala bwanji? Nanga bwanji amakakamira mumtengo osatha kutsika?

Ambiri amaganiza kuti mphaka amakokera zikhadabo mkati ndi mphamvu. Zili mosemphana. Akakhala phee, timinyewa totamuka timakokera fupa lomaliza la chala m'mwamba ndi kumbuyo, chikhadabo n'kubisala muubweya popanda mnofu uliwonse kugwira ntchito. Mphamvu imafunika potulutsa: mnofu wa pamkono umakoka mnyewa wodutsa pansi pa chala, fupa lija n'kutembenuka. N'chifukwa chake zikhadabo zake sizibuntha poyenda ndipo samveka mapazi. Zala zake ndi 18, zisanu pa phazi lililonse lakutsogolo ndi zinayi pa lakumbuyo.

Zikhadabozi zonse zakhotera kumbuyo. Pokwera mtengo wa mango zimakola bwino ndipo miyendo yakumbuyo imakankha. Potsika chamutu sizikola kanthu. Njira yake ndi kutsika chambuyo, ndipo amphaka ena, makamaka aang'ono, sanaiphunzire. Ambiri amatsika okha phokoso likatha ndipo njala ikawawa, bola agalu ndi ana achoke pansi pa mtengopo.

Makutu ake amayenda chonchi chifukwa chiyani? Ndipo khungu la pamsana limanjenjemera bwanji ntchentche ikatera?

Khutu lililonse la mphaka lili ndi minofu pafupifupi 30, ndipo limatha kutembenuka madigiri 180 palokha, lina likuyang'ana kwina. Ife tili ndi minofu itatu yokoka khutu kuchokera kumutu, koma ndi yofooka moti ambiri sitingaigwedeze. Timatembenuza khosi m'malo mwake. Mphaka amamvanso mawu okwera kufika pa 64,000 Hz (kunjenjemera ka 64,000 pa sekondi) pamene ife timathera pa 20,000, ndipo makoswe ndi mbewa zimalira m'mawu okwera oterowo. Akakhala pakhomo la nkhokwe makutu akuyendayenda, ndiye kuti akumvetsera zimene inu simukumva.

Pansi pa khungu la msana ndi m'nthiti mwake muli mnofu wopyapyala wotchedwa cutaneous trunci, womwewo umene ng'ombe imagwedezera chikopa pothamangitsa ntchentche. Munthu watsala ndi kachigawo kotere m'khosi, platysma, kamene kamaoneka mukakoka milomo pansi mwamphamvu. Tsitsi lililonse nalonso lili ndi kamnofu kake, kwa iye ndi kwa ife. Akaona galu ubweya umaima ndipo amaoneka wamkulu. Ife timinofu tomweto tikakoka timangochita tsemwe. Ndevu zake zilinso ndi timinofu tozikankhira kutsogolo pogwira nyama mumdima, ndipo musamazidule.

Kamkonono kamene amachita akakhala pamiyendo panga kamachokera kuti?

Kamachokera m'kholingo, ndipo kamamveka popuma mkati ndi potulutsa mpweya momwe, kunjenjemera ka 25 mpaka 150 pa sekondi. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti minofu ya m'kholingo imakoka ndi kumasuka mofulumira chonchi molamulidwa ndi ubongo. Mu 2023 ofufuza a ku Vienna anaonetsa kuti kholingo la mphaka limatha kutulutsa mawu otsika oterewa pongodutsitsa mpweya, chifukwa cha timinofu tofewa tokhuthala tokhala m'zingwe za mawu.

Chofunika kwa woweta ndi ichi: kamkonono si chisangalalo nthawi zonse. Mphaka amachitanso akamamva ululu, akamabereka, ngakhale akadwala kwambiri. Ngati sakudya ndipo wabisala pakona, musanyengeke nako.

Bwanji satafuna ngati ife?

Nsagwada zake zimangotseguka ndi kutsekeka, sizipita m'mbali. Minofu yake yotsekera, temporalis ndi masseter, ndi yaikulu, ndipo ndi imene imapangitsa mutu wa mphaka wamwamuna kuoneka wotambalala pamodzi ndi khungu lokhuthala la m'masaya. Mano ake ndi 30, athu 32, koma akumbuyo kwa iye ndi odulira osati operera. Mukamuona akupendeketsa mutu podya nyama, akuika nyamayo pa mano amenewo, kenako amameza zidutswa. Ife nsagwada zimayenda mozungulira, n'chifukwa chake timapera chimanga chokazinga ndi kufinya nzimbe.

Pakumwa madzi, ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America anapeza mu 2010 kuti nsonga ya lilime imangokhudza pamwamba pa madzi n'kubwerera mofulumira, madzi n'kutsatira, iye n'kutseka kamwa asanagwe. Amachita zimenezi kanayi pa sekondi.

Mtima wake ukugunda mofulumira kwambiri. Akudwala?

Mwina ayi. Mtima wa mphaka umagunda ka 140 mpaka 220 pa mphindi, wathu ka 60 mpaka 100. Choopsa ndi kupuma atayasama kukamwa pamene sanathamange ndipo kunja sikukutentha. Kwa galu zimenezo ndi zachizolowezi, kwa mphaka ndi chizindikiro choti apite kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Ndimamupatsa nsima ndi msuzi ngati ana ena onse pakhomo. N'zokwanira pa minofu yake?

Sizokwanira, ndipo apa ndi pamene kufanana kwathu kumatisocheretsa. Munthu akhoza kumanga minofu ndi nsima, nyemba, nsinjiro ndi masamba. Mphaka ndi nyama yodya nyama basi. Mnofu wa mtima wake komanso maso ake zimafuna chinthu chotchedwa taurine, chimene thupi lathu limatha kupanga lokha koma lake silipanga chokwanira, ndipo m'zomera mulibe. Mu 1987 madokotala a ziweto a ku University of California, Davis anapeza kuti amphaka ambiri amene mitima yawo inkakula n'kufooka ankasowa taurine m'chakudya, ndipo atawapatsa ambiri anachira. Kusowa kwake kumachititsanso kuti mphaka asiye kuona.

Mphaka wa kumudzi amadzipulumutsa yekha chifukwa makoswe, mbewa ndi abuluzi amene amagwira amamupatsa zimene nsima ilibe. Amene ali pamavuto ndi wa m'tauni, wa ku Matawale kapena Kalimbuka, wotsekeredwa m'nyumba n'kumadya makombo a nsima ndi msuzi wa nyemba. Mupatseni nsomba, matemba a ku Chilwa, usipa kapena bonya, zidutswa za nyama, zam'kati mwa nkhuku ndi dzira lophika. Nsombazo muziphike ndipo musathire mchere wambiri. Nsomba zina zosaphika zili ndi chinthu chowononga vitamini B1, ndipo mphaka wodya zimenezo zokhazokha amayamba kudzandira.

Pali chizindikiro chimodzi choyenera kuchidziwa. Kubutchala, pa khosi la ng'ombe mumapeza mnyewa wachikasu wolimba umene supsa. Ndi umene umanyamula mutu wa ng'ombe popanda minofu kutopa, ndipo ifenso tili nawo wocheperako. Mphaka alibe, mutu wake umanyamulidwa ndi minofu yokha. Choncho minofu ikafooka, kaya chifukwa chosowa vitamini B1 kapena potaziyamu m'magazi, choyamba kugwa ndi khosi: amayenda chibwano chitaloza pachifuwa. Muzimusisitanso pamsana nthawi ndi nthawi. Mafupa a msana akayamba kubaya dzanja pamene kale panali nyama, ganizirani njoka za m'mimba, chakudya chosakwanira, kapena impso ngati ndi wokalamba.

Mphaka wanga akutsimphina. Ndingamupatse theka la Panado?

Ayi, ngakhale kachidutswa. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa paracetamol, mankhwala a mu Panado, mmene chathu chimachitira, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Magazi amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa. Brufen nayonso imawononga impso ndi m'mimba mwake. Mutsekereni pamalo aang'ono kuti asadumphe, yang'anani pakati pa zala ngati pali minga kapena bala, ndipo zikapitirira masiku awiri kapena mwendo ukulendewera, pitani naye ku ofesi ya za ziweto.

Thupi lonse likunjenjemera ndipo akutuluka dovu. N'chiyani?

Ganizirani poizoni msanga. Pamene mtsempha wakumana ndi mnofu, uthenga umadutsa ndi kamadzi kotchedwa acetylcholine, kamene kamayenera kuchotsedwa nthawi yomweyo kuti mnofu upume. Tameki amene anthu amathira pophera makoswe amaletsa kuchotsako, motero minofu imangokoka osaleka mpaka yopumira italephera. Amachita chimodzimodzi kwa mwana wa munthu, ndiye nyumba imene ili ndi mphaka kapena ana aang'ono isamatchere nyambo yotere. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Mankhwala ake alipo kwa dokotala wa ziweto, koma amathandiza akafulumira.

China ndi permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ena a utitiri ndi nkhupakupa opangira agalu komanso m'mankhwala ena othira m'chimanga. Galu amapirira mlingo umene mphaka ungamuphe. Ngati mwamupaka mosadziwa, musambitseni ndi madzi ofunda ndi sopo, mumupukute, n'kuthamangira naye kwa dokotala.

Kodi kumunyamula pogwira chikopa cha pakhosi n'kulakwa? Mayi wake amatero.

Mayi wake amanyamula kamwana kosalemera n'komwe, kamene kamafooka dala kakagwidwa pamenepo. Mphaka wamkulu akalendewera pachikopa, kulemera konse kumakoka minofu ya m'khosi ndi m'mapewa. Ikani dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina lichirikize miyendo yakumbuyo. Musamukoke ndi mwendo wakutsogolo, kumbukirani kuti wagwiridwa ndi minofu yokha.

Mchira ndiye woopsa koposa. Ndi kupitirira kwa msana, uli ndi mafupa pafupifupi 20, pamene ife tatsala ndi timafupa tinayi togwirana. Mitsempha yopita ku chikhodzodzo ndi kumatumbo imatulukira pafupi ndi tsinde lake. Mwana akaukoka mwamphamvu, kapena ukapanidwa ndi chitseko mphaka akuthawa, mitsempha imeneyi imatha kuduka, iye n'kulephera kukodza kapena kumangodziyipitsira.

Wandiluma kapena wandikanda. Ndichite chiyani?

Tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chimene muli nacho pafupi. Mano a mphaka ndi owonda, amalowa mwakuya n'kusiya kabowo kamene kamatsekeka msanga tizilombo tili mkati. Padzanja zimenezi n'zoopsa chifukwa minyewa yoyendetsa zala ili pafupi ndi khungu, ndipo mafinya akalowa m'menemo chala chikhoza kuuma.

Matenda awiri oyenera kuwatchula kwa adokotala onse amaonekera m'minofu. Kafumbata amaumitsa nsagwada ndi msana. Amphaka samugwira kawirikawiri koma anthu timamugwira mosavuta, ndiye onetsetsani ngati katemera wanu akadali ndi mphamvu. Chiwewe chimayenda m'mitsempha kukafika ku ubongo n'kusokoneza minofu yomezera, n'chifukwa chake nyama yodwala imatuluka dovu ndipo munthu wodwala amaopa madzi. Zizindikiro zikayamba palibe mankhwala, koma jakisoni wobayidwa msanga pambuyo polumidwa amateteza. Timazolowera kuganiza za agalu, makamaka chiyambire ntchito ya Mission Rabies yobaya agalu katemera imene inayamba ku Blantyre mu 2015 n'kufikanso kuno ku Zomba, koma mphaka amatenganso chiwewe ndipo amapatsira. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera m'dera lanu, mutengeni nayenso, mutamuika m'dengu lotseka kapena m'katoni yoboola kuti asakuthaweni akaona agalu pamzere.